Kamwala ka mu Tochi ya Bapapa

"Imwe na mutu wanu wa chitsulo, mwana akaloba mu visatana muzatiwotcherera wina?"

Awa anali akazi anga, Lachitatu m'mawa, ataima pa buloko la simenti pakati pa bwalo. Ine ndinali pa buloko lina, chigoba chowotcherera chili pamphumi. Ku Kanyama mwezi wa Januwale mkangano umayenda chonchi: madzi ali m'akakolo, aliyense waima pa buloko lake, sungathe kumuyandikira mnzako, ndiye umangokweza mawu. Aneba onse anamva. Mayi wogulitsa pa kantemba ka kutsogolo anachita kuchepetsa wailesi.

Nkhani inali ya pasipoti. Mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, anali atabwera ku tchuthi kuchokera ku Ulaya kumene amaphunzira za kuwala. Ndege yake inali ya Lachisanu, ndipo Lolemba anayenera kukaonekera yekha ku ofesi ya kumeneko kuti amuwonjezere chitupa chokhalira. Akaphonya, zaka zinayi za sukulu zapita m'ngalande. M'mawa umenewo anatsegula chikwama, pasipoti mulibe. Tinagubuduza matiresi, tinakhuthula madilowa, ine mpaka ndinasuzumira mu thumba la makala. Ndipamene amake ananena, mofatsa ngati akutchula mtengo wa tomato, kuti anaipereka kwa Bapapa Lamlungu.

Bapapa ndi mneneri wa tchalitchi chawo. Ndimamuposa ndi zaka makumi awiri, koma akazi anga amamutcha Papa ndi kumugwadira, pamene ine amandipatsa madzi osamba ataimirira. Pasipoti anali ataitsekera mu bokosi lachitsulo la mapemphero, pamodzi ndi masatifiketi a anthu, makalata ofunsira ntchito ndi zithunzi za amuna othawa mabanja, kuti ikhalemo masiku makumi awiri ndi limodzi. Bokosilo ndinaliwotcherera ndine, chaka chatha chinacho, kuti akazi anga asiye kundilondola ndi pakamwa.

"Mwaba pasipoti ya mwana!" ndinakuwa.

"Sininabe. Naisunga kwa Mulungu."

"Mulungu ali na loko ya ku msika wa Kamwala?"

"Zaka zinayi, wabwera kamodzi," anatero. "Kamodzi chabe. Imwe simuona kanthu?"

Zakazo nanenso ndinali nditaziwerenga.

Zonse zinayamba ndi chithunzi. Mwanayo anatitumizira pa foni chithunzi cha kuntchito kwake: chipinda chamdima chopanda windo, iye atavala magalasi akuda, patsogolo pake tebulo lodzaza ndi timagalasi, ndi timizere ta kuwala kofiira tikudumpha uku ndi uku. Ine ndinachiika pa foni yanga kuti makasitomala azichiona. Amake anapita nacho kwa Bapapa. Bapapa anachiyang'ana, anabuula, nati: "Amayi, mwana wanu ali pansi pa madzi." Nditamva ndinati pansi pa madzi tili ndife kuno ku Kanyama, mwana ali pouma. Anthu sanaseke.

Atafika, mwanayo anayesa kufotokoza. Ine ndinamaliza giredi 12 ndipo sayansi ndinakhoza, choncho ndilemba momwe ndinamvera. Akuti kuwala kuli ndi kadontho kochepetsetsa, koti sungakagawe pawiri, amakatcha fotoni. Kadonthoko kangathe kunyamula uthenga. Ndiye pali tinkhokwe tosungiramo uthengawo kwa kanthawi. Kena ndi utsi wa chitsulo wotsekeredwa mu galasi, kena ndi mwala woikidwa mu filiji yozizira kuposa chilichonse chomwe munthu angaganize. Vuto ndi loti nkhokwe yoyamba imalavula kuwala kwa mtundu wake wokha, yachiwiri imameza kwa mtundu winanso, ndipo chingwe chagalasi chapakati pawo, chonga chija anakumbira m'mbali mwa msewu wopita m'tauni, chimanyamula patali kuwala kwa mtundu wachitatu, komwe diso siliona. Atatu osamvana. Ntchito ya mwana wanga ndi kudutsitsa kadonthoko mu kamwala kena kakang'ono kamene akukaomba ndi kuwala kwamphamvu, kuti katuluke katasintha mtundu koma uthenga uli momwemo. Sungautsegule uthengawo kuti uwerenge, sungaukopere. Ukangouyang'ana panjira, waonongeka. Mdima uja ndi chifukwa choti ukamasaka kadontho kamodzi, kuwala kolowera pansi pa chitseko ndi chigumula.

Ine ndinamva bwino. Amake anamva zinayi zokha: mwala wosunga mawu, chinthu choti ukachiyang'ana chimafa, kuwala kosaoneka, ndi mdima. Chiganizo chilichonse cha mwanayo chinali msomali. Ndipo ndinene zoona, agogo anga ku Katete anali ndi nsupa ya malamulo omwewo.

Koma panali chinthu china chimene mwanayo ananena Lamlungu atachoka ku tchalitchi, akusenda anyezi, akuseka yekha. Bapapa ali ndi katochi konga cholembera kamene kamaponya kadontho kobiriwira patali. Akamalalikira amakayendetsa pamitu ya anthu, ndipo amene kamugwera pachifuwa ndiye wasankhidwa, amagwa chagada. Mwanayo anati mkati mwa katochi kotero mumabadwa kuwala kosaoneka, ndipo muli kamwala kamene kamakusandutsa kobiriwira. "Ni kasuweni ka kamwala kanga," anatero. Amake anali kunja, sanamve. Ine ndinamva, ndipo Lachitatu lija, nditaima pa buloko, zinandibwerera.

Mapemphero a Lachitatu amayamba fotini awazi masana. Ndinavala ovolosi yochapa ndi magambuti, ndinaika pulayasi m'thumba.

"Badadi, tiyeni tikapemphe chabe bwinobwino," anatero mwanayo tili panjira, akulumpha miyala. "Pulayasi ni ya chani?"

"Ni ya ntchito."

"Ntchito yotani mu tchalitchi?"

"Yenda, uzagwa."

Tchalitchicho ndi cha malata, kuseri kwa malo otsukira magalimoto. Madzi anali atalowa mpaka ku mabenchi akutsogolo, amayi atakwinya zitenje, nsapato zili m'manja. Bapapa anali pa nsanja, suti yoyera, maasha awiri osunga bata m'mbali mwake, bokosi langa lili pambuyo pake atalifunditsa nsalu ya golide. Ndinaliona ndipo mtima unandiwawa. Linali bokosi labwino.

Ndinayamba bwinobwino monga ndinalonjeza. Ndinayenda pakati pa mabenchi, madzi akulira m'magambuti, ndinaima kutsogolo ndi kunena kuti: "Ba pasita, nipempha pasipoti ya mwana wanga, ayenda Lachisanu." Chiganizo chonse, chopanda mwano ngakhale umodzi. Ndikufuna zimenezi zikumbukiridwe.

Bapapa anamwetulira, anakweza katochi, kadontho kobiriwira kanagwera pa thumba la ovolosi yanga.

"Niona mzimu wa mkwiyo pano!"

"Ameni!" unatero mpingo.

"Mwaona bwino," ndinatero ine. "Ulipo." Ndipo ndinamulanda katochiko.

Maasha anadumpha, koma nsapato zosongoka pa simenti yonyowa si za nkhondo. Woyamba anakhala pansi yekha. Ndisanafikiridwe ndi wachiwiri ndinali nditapotokola mutu wa katochi ndi pulayasi. Munatuluka kagalasi, kenako kachitsulo ka mkuwa, ndipo nditakafinya kanagwera m'dzanja langa kamwala. Kunena zoona ndinakhumudwa. Ndinkayembekezera chinthu chonga nsangalabwi. Kanali ngati kambewu ka mpunga kothyoka.

Komabe ndinakakweza m'mwamba. "Onani! Mwala wa mwana wanga uyu! Ngati mwana wanga ali pansi pa madzi, na Bapapa banu bali komweko, banakumana pa mlatho!"

Asha wachiwiri anandimenya pa chigongono. Kamwala kanauluka, kanagwera m'madzi pakati pa mabenchi.

Apa ndiyenera kumupatsa ulemu Bapapa, mnyamatayo mutu wake umathamanga kuposa minibasi yopanda mabuleki. Anatenga maiki nakuwa kuti: "Mwala wa moto wagwa pakati panu! Amene aupeze wapeza dalitso lake!"

Mpingo wonse unagwada m'madzi. Amayi akuluakulu, ena oti sangawerame kutola ndalama, anali kukwawa ndi kusefa matope ndi zala. Mmodzi anapeza chidutswa cha botolo nayamba kulankhula malilime. Wina anapeza mkanda. Bambo wina wa kwaya anapeza dzino, silinali lake, analimanga pa kansalu. M'mphindi zochepa miyala ya moto inali itapezeka isanu ndi iwiri, ndipo amayi awiri anali atagwirana maduku chifukwa cha wachisanu ndi chitatu. Ine asha anali atandipinda dzanja kumsana, ndikukuwa kuti sayansi, sayansi, palibe wondimva.

Akazi anga okha ndiwo sanasake. Anatola thupi la katochi lomwe linagwera pa nsanja, anadina batani. Kobiriwira kunalibe, kunangotsala kofiira kofooka ngati khala lakufa. Anakatembenuza kuti asuzumiremo, aone kumene kobiriwira kwapita.

Mwana wanga chibadwire sanakwezepo mawu kwa amake. Tsiku limenelo analumpha benchi, anawamenya padzanja phaa, katochi kanagwera pa nsanja.

"Bamami! Muzafa diso!"

Mpingo unasiya kusefa. Mwana kumenya amake, mu tchalitchi, pamaso pa Bapapa. Ndinaona mnyamatayo akukoka mpweya kuti alengeze kuti chiwanda chadzionetsa. Koma mwanayo anali atatola kale katochi, analozetsa pa nsalu ya bokosi, anadina, naika foni yake patsogolo. Ndi maso panalibe kanthu. Pa foni panali chimoto choyera chosakanikira ndi chofiirira, chikuthwanima.

"Kulipo, bamami. Maso siyakuona chabe. Kamwala kaja ndiye kenze kokusintha kuti kuoneke."

Akazi anga anayang'ana pa nsalu, anayang'ana pa foni, anabwereranso pa nsalu.

"Kuwotcha diso osamva kuwawa?"

"Ee."

"Ndiye pambuyo pake m'maso monga muli mchenga?"

"Osati ndendende, bamami, kuja kwa badadi ni kwa mtundu wina, koma..."

"Na magalasi yakuda yaja ya pa chithunzi, ni ya ichi?"

"Ee."

"Ndiye iwe uvala magalasi, uyatsa moto wamphamvu, kuti vinthu viwiri vosiyana vigwirane?"

Mwanayo anati: "Tinganene choncho."

Akazi anga anakhala pa benchi yonyowa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akhala akundiika magawo a mbatatesi m'maso ndikapsa ndi moto wowotcherera, akundinena uku akuika. Kuwala kovulaza munthu osadziwa amakudziwa kuposa Bapapa, kuposa ine ndemwe.

"Mayo ine," anatero. "Sukulu yonse ija. Ndege. Majuzi yonse yaja ninagula ku salaula. Kansi mwana wanga ni wowotcherera chabe monga awisi?"

Ndipo analira. Analira kuposa tsiku lomwe anauzidwa kuti mwana ali pansi pa madzi. Wa satana anali ndi pothawira, mapemphero alipo. Wowotcherera wachiwiri m'nyumba analibe mankhwala.

Bapapa nthawi yonseyi maso anali pa foni. Ndinaona pankhope pake kuti waona tsogolo: kuwala kosaoneka, koonekera pa foni pokha, Lamlungu lililonse. Anatambasula dzanja. "Mwana wanga, bweretsa chida cha ntchito."

"Awe, ba pasita, ichi manje chingapweteke anthu," anatero mwanayo, ndipo anachotsa mabatire naika m'thumba la jinzi, thupi la katochi m'thumba linalo.

Apa ndipo anakwiya. Analengeza pa maiki kuti bokosi silitsegulidwa mpaka masiku akwane, kuti banja lathu ladetsa guwa, ndipo kuti iye madzulo omwewo akukwera kuphiri kukasala kudya masiku atatu, kiyi ali m'khosi. Anaitulutsa kiyiyo, anaipsompsona, anaibwezera mu shati. Maasha ananditulutsa ngati thumba la simenti. Gambuti limodzi linatsalira mkati, ndinapita kunyumba phazi limodzi losavala.

Madzulo tinakhala pansi kuti tidye. Mwanayo ankangotembenuza chakudya m'mbale. Sanandinene, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa chigongono. M'mawa pasipoti inali kwa munthu woti tikanamunyengerera, mwina ndi nkhuku, mwina ndi mawu okoma a amake. Tsopano inali mu bokosi, kiyi ili pa phiri, chifukwa cha pulayasi yanga. Ndinafuna kupepesa koma mawu amenewo sindinawagwiritsepo ntchito, sindidziwa pogwira. Ndinangomusunthira mutu wa nsomba m'mbale mwake.

Akazi anga anatsuka m'manja, anapukuta pa chitenje, nafunsa akuyang'ana khoma:

"Kuja kumene uwotcherera, ni mukati mwa nyumba?"

"Ee, bamami."

"Mvula siikuloka?"

"Siiloka."

"Bakupatsa mpando?"

"Ulipo, wa mawilo."

Anagwedeza mutu kwa nthawi. Kenako anatembenukira kwa ine, koyamba chichokere ku tchalitchi.

"Malaiti yabwera nthawi yanji mailo?"

"Faifi. Yayenda eiti."

"Bokosi ija, mahinjesi munaika kunja olo mukati?"

"Kunja."

"Ninadziwa," anatero. "Ntchito yanu."

Ndinatsala pang'ono kuyambanso mkangano, chifukwa mahinjesi akunja si ulesi, ndi momwe bokosi la mtundu umenewo limapangidwira. Koma ndinaona chomwe anali kumasula pa mfundo ya chitenje. Lachinayi ndi tsiku lawo losesa ku tchalitchi. Kiyi ya chitseko amasunga ndiwo.

M'mawa mwake magetsi atangobwera ndinakweza makina owotcherera ndi galayinda yodulira zitsulo pa wilibala. Akazi anga anali patsogolo, yunifolomu ya amayi a tchalitchi atasita, tsache kudzanja lina, chingwe cha magetsi atachikulunga paphewa. Mwanayo ananyamula chigoba ndi mahinjesi atsopano awiri. Mayi wa kantemba, akutsegula windo lake, anafunsa kumene tikupita.

"Kusesa," anatero akazi anga.

Gambuti langa ndinalipeza pa guwa, wina ataliikamo maluwa a pulasitiki. Akazi anga anachotsa nsalu ya golide, anaipinda bwinobwino, anagwada napemphera mwachidule, kenako analowetsa pulagi. Mahinjesi awiri, galayinda sinachedwe. Chivundikiro chinatseguka chakumbuyo, loko ili chitsekere. Ine ndi mwana tinatembenuka kuti tisaone mapepala a anthu. Amake anapisa dzanja okha. Pambuyo pake anatiuza kuti pasipoti inali pansi, pakati pa satifiketi ya unamwino ndi chithunzi cha bambo wandevu amene timamudziwa tonse, amakhala ku Chawama ndi mkazi wina. Inali kununkha mafuta odzozera. Anaipukuta pa yunifolomu, anaitsegula, anayang'ana chithunzi cha mwanayo kwa nthawi yaitali, namupatsa.

Panatsala kubwezera mahinjesi. Ndinawaika pamalo, ndinakanikiza waya pa bokosi, ndipo ndinapatsa mwanayo chigoba ndi chogwirira ndodo yowotcherera.

"Badadi, ine sininachitepo."

"Amako bakamba kuti ndiwe wa ntchito. Tiye."

Anatsitsa chigoba. Amake anatembenukira ku malata okha, osauzidwa. Moto unalira, unazima, ndodo inamatirira, anaikoka, unaliranso. Atakweza chigoba tinawerama tonse atatu. Zinali ngati zitosi za nkhuku yodwala.

"Zaka zinayi ku Ulaya," anatero amake.

Ndinatenga galayinda, ndinapala zonse mpaka chitsulo chinayera, ndipo ndinawotcherera ndekha, mzere umodzi pa hinjesi iliyonse, magetsi asanapite. Akazi anga anafunditsanso nsalu ya golide, nayamba kukankha madzi ndi tsache kuchokera ku guwa kupita ku khomo.